Kukafunsa Amayi Malire a Dimba Kutulo

Lolemba

Amalume akhoma chikhomo pakati pa dimba la amayi. Akuti malire ndi pa mtengo wa gwafa, osati pa chitsime. Bodza lamkunkhuniza! Koma wodziwa malire enieni anali amayi, ndipo amayi tinawaika m'manda chaka chatha.

Mng'ono wanga Esinala wa ku Lilongwe wanditumizira kavidiyo pa foni. Mzungu wina akuti munthu ukhoza kulota uku ukudziwa kuti ukulota, n'kuitana amene ukumufuna, n'kumufunsa chilichonse. Basi, nkhani yatha. Ndikawafunsa eni ake mvula isanagwe.

Zochita zake:

1. Masana kuyang'ana manja pafupipafupi n'kudzifunsa, "Kodi ndikulota?" Kutulo akuti zala zimachuluka.
2. Kutsina mphuno. Ukapumabe, ndiye kuti uli kutulo.
3. Kudzuka tambala woyamba, kuyendayenda pang'ono, kugonanso.
4. Pogona kunena mobwereza kuti "lero ndizindikira".

Munthu wophunzitsa Sitandade 3 ngati ine zingandikanike zimenezi?

Lachiwiri

Sindinalote kanthu. Ndagona ngati wafa.

Kusukulu ndikuyang'ana manja pakati pa masamu. Zala ndi zomwe zija, zodzaza choko. Ndatsina mphuno, ndipo potembenuka ndapeza kalasi yonse yatsina mphuno. Wina kumbuyo: "Madamu, si ine." Ahedi adutsa pawindo, aima, ayang'ana, apitirira. Akanangofunsa bola.

Lachitatu

Alamu yadzutsa nyumba yonse kupatula ine. Andigwedeza ndi amuna anga, abambo a Tamanda, akuti ndizimitse chinthucho asanachiponye m'chimbudzi.

Ndatuluka, ndazungulira nkhokwe ndili ndi chitenje chokha, ndikunong'ona kuti "ndizindikira, ndizindikira". A Nachisale oyandikana nafe anali akuchokera kuseri. Ndawapatsa moni, ndangomva chitseko chawo phwa!

Kubwerera pabedi, tulo osabwera. Udzudzu, kutentha, mkonono wa abambo a Tamanda. Tulo tafika nthawi yotereka madzi osamba. Ndalota ndili pa mzere wa feteleza pa Nsaru, wogawa feteleza ndi mbuzi yovala mandala, ikuitana maina. Ine phee pa mzere, osadabwa ngakhale pang'ono, nkhawa yanga n'njakuti mbuziyo ingandidumphe. Mutu wangawu ulibe nzeru!

Lachinayi

Ndalakwitsa, pakamwa panga pomwepa. Pamjigo azimayi andifunsa chifukwa chake maso afiira. Ndawafotokozera bwinobwino, kenaka n'kuwonjezera kuti mzunguyo akuti ukazolowera umatha ngakhale kuuluka.

Mjigo waima. A Nachisale: "Kuuluka usiku, eti?"

Pofika masana nkhani yafika kale ku Kasiya. Akuti aphunzitsi amazungulira nkhokwe mbandakucha akulankhula okha, ndipo lichero lawo lasowa. Lichero langa lili kwa a Nachisale omwewo, anabwereka mwezi watha! Amalume akuuza anthu kuti akadwala msana aliyense adziwe kumene zachokera. Munthu wadwala msana kuyambira ine ndili pa Sitandade 1.

Abambo a Tamanda akungoseka. Akuti ngati ndikuulukadi, ndizidzera ku Lilongwe kukawatengera tayala la njinga.

Lachisanu

Abwera amayi a chigwirizano a kutchalitchi kwathu, atavala yunifolomu. Akuti angodzandizonda. Aimba, apemphera motalika, m'pempheromo atchula "iwo oyenda mu mdima" kangapo konse, diso limodzi lili pa ine. Tiyi amwa, shuga watheratu.

Ndawaonetsa kavidiyo. Agwirizana kuti si ufiti koma ndi ulesi wa azungu, munthu kuphunzira kugona.

Potuluka a Nabanda, okalamba kuposa onse, atsalira m'mbuyo ngati akufuna nsapato. Andinong'oneza: "Mwana wanga, zimenezi zimathekanso kwa mwamuna amene anapita kalekale? Nkhope yawo yayamba kundithawa." Ndawasonyeza katsinidwe ka mphuno. Atsina mwaulemu, athokoza, apita. Sindinaseke.

Loweruka

Zatheka! Zalephereka!

Ndalota ndili mumsika, ndayang'ana manja, zala zachuluka ngati phava la nthochi. Ndazindikira ndithu kuti ndikulota. Chimwemwe chake! Ndakuwa kuti "Amayi!" n'kudzuka pomwepo, chigongono changa chili pa diso la abambo a Tamanda. Mzungu uja ananena kuti osasangalala kwambiri. Nanga munthu uone amako osasangalala? Ndipo sindinawaone n'komwe, ndangoona benchi ya tomato.

Zomwe ndapindula sabata ino:
mutu waching'alang'ala,
dzina la mfiti,
mwamuna wotupa diso amene wasamukira pa mphasa pabalaza.

Mitambo yasonkhana cha ku Nambuma. Amalume ayamba kugalauza kupitirira chikhomo chawo chomwe. Ndatopa. Lero sindinena mawu aliwonse, ndingogona ngati anthu.

Lamulungu

Amayi abwera.

Anali pakhonde la nyumba yakale, miyendo atatambasula. Andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Iwe, tsitsi limeneli ndiye ukupita nalo kukaima pamaso pa ana a eni? Khala apa." Ndakhala pakati pa miyendo yawo. Andiluka, akukoka mopweteka monga kale, ndikagwedezeka chipeso pamutu gu! Amadandaula za mtengo wa sopo, ine n'kumangovomera. Za dimba sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Sindinadziwe kuti ndikulota.

Podzuka ndinapsa mtima koopsa. Sabata yonse yovutika, munthu wabwera yekha, ine n'kungokhala ngati chitsiru kulukitsa tsitsi!

Kutchalitchi ulaliki sindinaumve. Pakati pa nyimbo yachiwiri misozi yangoyamba yokha, a Nachisale n'kusuntha pa benchi, mwina akuganiza kuti ndikulapa.

Za malire ndikaitana a mbumba tikakambirane ndi amalume masana, tonse tili maso, monga ndikanachitira poyamba. Mwina dimbalo lipita theka. Maphunziro a malotowa ndasiya. Ndikanadziwa kuti ndikulota, ndikanadziwanso kuti amayi anamwalira. Usiku wathawu sindinadziwe, ndipo anali moyo.