Zolakwika 318 ndi Nkhope Imodzi Yomwetulira

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Ofesi ya Ziphaso ndi Zidindo.

Bwana,

Ndikulemba nditagwada, ngakhale simukundiona. Ndine mayi wamba, wotayipa makalata a anthu m'kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi wometa. Sukulu ya makompyuta ndinangoinunkhiza, choncho ndikaphonya mundikhululukire. Ndati ndithokoze chifukwa cha webusaiti yanu yatsopano, imene mwalamula kuti aphunzitsi onse akonzetserepo ziphaso zawo lisanadutse Lachisanu, apo ayi ntchito yatha.

Mmodzi wa aphunzitsiwo ndi achimwene anga. Saona chibadwire, ndipo akhala akuphunzitsa ana osaona kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Foni yawo imawawerengera mokweza za pa intaneti, bola tsambalo likhale lomangidwa motsatira malamulo ake.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nyimbo. Achimwene atatsegula fomu yanu, foni inayamba kuyimba kuti "batani, batani, chithunzi, batani." Palibe bokosi ngakhale limodzi limene munalipatsa dzina, moti sankadziwa polemba dzina ndi polemba tsiku lobadwa. Alamu anga ankayesa foniyo yayamba chibwibwi.

Chachiwiri, zikomo pondichotsa matama. Ndinati, bweretsani kuno, ine maso ndili nawo. Ndinadzaza zonse bwinobwino, n'kudina batani la "Tumizani" mpaka chala kuchita dzanzi. Fomu osasuntha. Ndinayesa pa kompyuta ya m'shopu, pa foni ya telala, ngakhale ya kasitomala wina amene anali atametedwa mbali imodzi. Apa ndiye munachita chilungamo, bwana, chifukwa oona ndi osaona omwe mwatikaniza mofanana.

Chachitatu ndi chidindo chobiriwira chija chili m'munsi mwa tsamba, chonena kuti webusaitiyi inayesedwa ndipo inakwaniritsa miyezo yonse. Mwa kupusa kwanga ndinatenga adiresi yake n'kuiponya m'chida chaulere choyezera masamba a pa intaneti, chija omanga mawebusaiti amayenera kugwiritsa ntchito asanaitane anthu. Chinatulutsa zolakwika 318, zofiira zokhazokha. Zambiri ndi zigawo za tsambalo zimene omanga anatsegula koma osatseka. Batani la "Tumizani" lija analiika kunja kwa fomu, ngati chitseko choimikidwa pabwalo nyumba ili uko. Akanakhala mwana wanga amene wamanga zimenezi, bwenzi nditamubisa kwa alendo.

Chachinayi, ndinakwera masitepe kubwera ku ofesi kwanu, poti wamisala anaona nkhondo. Inu munali ku msonkhano. Mlembi wanu anandilozera pepala la m'felemu pakhoma, losonyeza kuti chida chomwecho sichinapeze cholakwika chilichonse. Nditayandikira ndinaona kuti tsamba limene munayeza linali lopanda kanthu, loyera mbee. Mlembiyo anandinong'oneza kuti poyamba chinaonetsa zofiira, inu n'kunena kuti chidacho n'chamwano, ndipo mukufuna zobiriwira musanapite kukadya. Anyamata anu anachita zimene munalamula. Nzeru zotere sizipezeka m'mabuku, bwana. Nanenso ndikadzadwala malungo ndidzatumiza magazi a telala kuti akayezedwe.

Koma ndisakhale wosayamika. Pa tsamba lonselo pali chinthu chimodzi chomangidwa mwaluso, chimene ngakhale chida chamwanocho sichinachipezere chifukwa. Ndi chithunzi chanu. Chili ndi dzina, chili ndi mawu ofotokozera, ndipo chimatseguka msanga ngakhale netiweki ikuvuta. Foni ya achimwene ikafika pamenepo chibwibwi chimatha, imawerenga momveka kuti "Bwana Mkulu akumwetulira, atavala suti yabuluu." Amva mawu amenewa maulendo okwana makumi anayi. Akuti suti yanu akuidziwa kuposa diresi la ukwati la akazi awo.

Ankaseka ponena zimenezo, koma dzulo ndinawapeza akulongedza mabuku awo a zilembo zofufuza ndi zala m'katoni, akupapasa lililonse asanaliike. Ndinapsa mtima, bwana, ndipo ndinalira.

Pempho langa ndi laling'ono. Zolakwika 318 zija musavutike nazo, mungatope. Ingolamulani anyamata anu kuti asamutse batani la "Tumizani" n'kuliika pa chithunzi chanu, poti ndi pokhapo pamene pakugwira ntchito. Aphunzitsi onse tiziwauza kuti akadzaza fomu azikudinani pamphuno, mwaulemu ndithu.

Zikakanika Lachisanu n'kudutsa, ndagwira mwendo wanu, Lolemba m'mawa mubwere mudzalowe m'kalasi mwa achimwene. Ana makumi awiri ndi atatu adzakhala akudikira mphunzitsi. Mukonzekere bwino phunzirolo, chifukwa anawo saona, ndipo suti yabuluu ndi kumwetulira kwanu sizidzakuthandizani.

Ine wanu wogwadabe mpaka Lachisanu,

Wotayipa wa pakati pa telala ndi wometa.