Tsiku Limene Kompyuta Inandifunsa Chifukwa

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Chiringa, ena amandilonjera kuti, "Mwaswera bwanji a Zachidziwikire?" Ndimayankha ndithu. Nanga n'kutani, ndi ana anga a sukulu.

Ndinkaphunzitsa masamu pasekondale ina yoyendera, zaka zija mabungwe ankagawa makompyuta ngati mbewu. Nafenso tinalandira imodzi ya sola, yokhala ndi pulogalamu yochonga umboni wa masamu. Ukalemba sitepe yolondola inkaonetsa zobiriwira, ukaphonya zofiira.

Kwa zaka khumi ndinali ndikuphunzitsa umboni woti ngodya za thirayango zimakwana madigiri 180. Pakati pake panali sitepe ina yomwe ndinkangolemba kuti "n'zachidziwikire" n'kudumpha. (Aphunzitsi anga ankadumphanso pomwepo. Ndinkayesa ndi mwambo.)

Ndinasonkhanitsa Fomu 3 yonse kuti ione katswiri. Ndinalemba umboni wanga. Zofiira. Pansi pake: "Perekani chifukwa."

Chifukwa? Ine? Ndinalembanso ndi zilembo zikuluzikulu. Zofiira. Ndinaiuza kuti ndili ndi dipuloma. Sizinaikhudze.

"Yatenthedwa," ndinatero, n'kulamula ana awiri kuti aikupize ndi makope. A hedi anabwera, n'kuisuzumira kumbuyo ngati akugula mbuzi. Alonda athu, bambo wachikulire, anayankhulira pawindo.

"Mlendoyu chifikireni munamuphera nkhuku? Kapena mwangoyamba n'kumugwiritsa ntchito?"

(Ndisaname, nkhukuyo ndinaiganizira.)

Kenaka Esinati anakweza dzanja. Ameneyu ndi mtsikana wa ku Nazombe yemwe sabata yapitayo ndinamudula malikisi pa umboni womwewu, ati wachulutsa gaga m'diwa.

"Sala, ndiyese nawo?"

"Yesa, uone wekha kuti makinawa ndi akufa."

Ndi chala chimodzi analemba mizere itatu pamalo pomwe ine ndinkadumpha. Zobiriwira. Manyazi anandigwira, chifukwa ngakhale ndinaikhwatcha m'kope lake, mizere imeneyo ndinali kuiwerenga koyamba m'moyo wanga.

"Eya," ndinatero, "ndimafuna ndione ngati muli maso." Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Lachisanu ndinatolera makope onse ati ndikachonge. La Esinati ndinakhala nalo sabata ziwiri ndikukopera mobisa, malikisi ake ndinabweza mwakachetechete. Polandira kopelo anandiyang'ana mwaulemu wonse.

"Sala, zamveka zonse, kapena ndifotokoze?"

Mawu anga aja oti "n'zachidziwikire" anafika kale pamlomo. Ndinawameza.

"Tenga choko," ndinatero, n'kukakhala pa desiki yake.