Bambo amene ankaodira tchire

A Zikhale ankaodira tchire. Anthu ena amaodira pakhomo pa mnzawo, pageti la bwana, kapena kubafa ngati chitseko chilibe loko. Koma a Zikhale akafika pamene msewu wathera ndipo udzu wayambira, ankaima, kuvula chipewa, n'kufuula ndi mawu onse: "Odi kuno! Tidutse nawo!" Akatero ankadikira kaye, khutu lili tcheru, ngati alipo woti ayankhe kuti lowani.

Anali mmisiri wa mipope ya madzi, mmodzi mwa amisiri aja amene amakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo ku Area 2 m'mawa uliwonse, zida zili pamiyendo, kudikira wowapatsa ganyu. Ntchito zonona zimachokera kumayadi, ku Area 9, ku Area 10 mpaka uko ku 43, ndipo mmisiri salumikiza maminibasi pamene njira yachidule ilipo, yodzera m'tchire la m'mbali mwa Lingadzi. Njira imeneyo a Zikhale ankaitenga ngati mpingo wawo, iwo abusa ake.

Nkhosa yawo yoyamba anali Gladson, wopenta nyumba. Tsiku loyamba kuyenda nawo, atangobwera kumene kuchokera kwawo ku Mitundu, Gladson anali atavala patapata.

"Iwe, nsapato zako zili kuti?"

"Ndi zomwezi, madala."

"Zimenezo si nsapato. Ndi mbale zoperekera zala kwa njoka."

Anamubwereka jombo zakale, ina yaikulu kuposa inzake, n'kugwada okha kumulowetsera thalauza m'sokosi. Anamupatsa ndodo, n'kumufunsa ngati ali ndi madzi akumwa. Atafika pamalire a tchire n'kuodira, Gladson analephera kudzigwira, kuseka mpaka chitini cha penti kugwa.

"Seka," anatero a Zikhale. "Njoka si mfiti, siifuna milandu. Chimene imadana nacho n'kuidzidzimutsa. Iweyo munthu atakulowera kuchipinda osaodira, ungamusekerere?"

Iwowo jombo sankavula, kaya ndi mu Okutobala dzuwa likusungunula phula. Ena ankalumbira kuti ngakhale pa ukwati wawo thalauza la suti linali m'sokosi, ndipo kuti anagogoda mpando wa m'tchalitchi ndi ndodo asanakhalepo.

Amene ankawatsutsa kwambiri anali Clifton, mmisiri wa zamagetsi, munthu wa satifiketi ndi nsapato zoyera.

"Madala, this is too much. Tili m'tauni muno, si ku Dzalanyama."

Tsiku lina akupita onse atatu ku Area 10, m'mimba mwa Clifton munavuta, ndipo anapatuka mothamanga.

"Osati kumanzereko!" anakuwa a Zikhale. "Kuli chitedze uko!"

"Ndine wamkulu ine!" anayankha mawu kuseri kwa zitsamba.

Wamkuluyo anatulukako akuvina gule wosadziwika mtundu wake, lamba ali m'manja. A Zikhale anamukhula ndi dothi mikono ndi msana, kwinako n'kumuuza kuti adzithandize yekha. Mpaka pageti la kasitomala Clifton anali akunyung'unyabe. Mayi a nyumbayo atatuluka anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi wamagetsi wanuyu, magetsi amugwira kale asanalowe?"

"Ayi mayi," anatero a Zikhale, nkhope ili gwa. "Akungoyeserera."

Koma lamulo lalikulu kuposa onse linali lakuti munthu salowa m'tchire yekha, ndipo sachoka osanena kumene akupita. Wouzidwa anali mayi Triza, ogulitsa mandasi pakona pa sitolo ija.

"Mayi Triza, ine ndi Gladson tapita kwa mayi a agalu olusa aja. Dzuwa likapendeka tisanabwere, kuwani."

"Nanga foni muli nazo n'zachiyani?" ankafunsa Clifton.

"Foni imatha moto. Mayi Triza satha moto."

Loweruka lina Gladson anasowa pakhondepo osatsanzika. Foni yake inali yozima. A Zikhale anafunsa mayi Triza, mayi Triza anati sakudziwa, ndipo nkhondo inayambika. Anasonkhanitsa akalipentala, owotcherera zitsulo, omanga nyumba, ngakhale wosoka nsapato amene sankadziwa n'komwe kuti Gladson ndani. Analowa m'tchire ndi zikwanje, akuomba zitini, a Zikhale patsogolo akuliza wezulo ngati oimbira mpira. Anasuzumira m'maenje, anatokosa m'mabango, mpaka anatulukira ku Area 9. Kumeneko, pakalavati pafupi ndi geti lina, anapeza Gladson atavala malaya ake a kutchalitchi, akumwera Fanta botolo limodzi ndi Eveless, mtsikana wogwira ntchito m'nyumbamo. Mawu ofunsira anali atangofika pakhosi.

"Wapezeka! Ali moyo!" A Zikhale anamukumbatira, thukuta lili kamukamu, gulu lonse likuomba zitini. Eveless anathawira mkati, mlonda wa pagetipo akugubuduka ndi phwete.

Pofika Lolemba Old Town yense anali atamva, ndipo panalibenso kuchitira mwina koma kupita kwa makolo. Ankhoswe anali a Zikhale omwewo. Pamadyerero anaimirira n'kuuza anthu kuti mkazi ameneyu anachita kukamusaka m'tchire ndi zikwanje. Kuyambira pamenepo Gladson sankawaonanso ngati mnzake wa pantchito chabe. Ana ake ankawaitana agogo. Zaka zonse zimene zinatsatira, sanaponde m'tchire muja popanda kumva jombo zawo patsogolo.

Chaka chatha, nyengo yotentha, jombo zija zinayamba kumveka kumbuyo. A Zikhale ankaimaima, dzanja lili pamtengo.

"Mwatopa, madala?"

"Khala chete, ndikumvetsera njoka."

Miyendo inatupa mpaka jombo kumavuta kuvula. Gladson atafunsa, anamuyankha kuti mafakitale a masiku ano ndi akuba, akupanga jombo zofota padzuwa. Gladson anaseka. Ankawakhulupirira. Munthu amene ankakufunsa ngati wamwa madzi, akanabisa bwanji matenda ake?

Lachitatu lina m'mawa anamuimbira foni.

"Lero ndipumula kunyumba, mutu ukundiwawa. Pita ndi Clifton."

Gladson anapita ndi Clifton kukapenta mpanda ku Area 3, mtima uli m'malo. Madzulo ake, akutsuka mabulashi, anamva kuti amayi otola nkhuni apeza a Zikhale m'tchire la ku Lingadzi. Anali atakhala pansi, atatsamira mtengo pambali pang'ono pa njira, chikwama cha zida chili pamiyendo. Sinali njoka, sanali achifwamba. Achipatala anati ndi mtima. Anali akupita kukakonza mpope kwa kasitomala wawo wakale, okhaokha.

Kumaliro ku Mchesi, Gladson analowa m'nyumba kukapepesa mkazi wa malemuyo, mayi a Joy. Mayiwo anadzutsa mutu, maso ali psuu, n'kufunsa amayi onse a m'nyumbamo akumva.

"Alamu, munawasiyiranji okha?"

Nyimbo inaima. Mayi a Joy anapitiriza.

"Munthu ankagona chokhala, mpweya ukumuthera. Anandiletsa kunena, ati anyamata angayambe kundimvera chisoni. M'mawa uja ndinawakaniza kutuluka. Anati usadandaule, ndili ndi Gladson. Ndinawalola chifukwa cha dzina lanu, alamu."

Maso onse anali pa Gladson. Ena panja anali atayamba kale kunong'onezana kuti wopenta uja anathawa mnzake atagwa. Anamuombola ndi mayi Triza, amene anadzuka pakati pa amayiwo akukonza chitenje.

"Pepani mayi, mwanayu musamusenzetse mlandu. Bambowa anadutsa pa ine m'mawa womwewo. Anandiuza kuti akukwera minibasi kupita ku City Centre, ndisavutike kuwadikira. Gladson sanali nawo. Atinamiza tonse."

Gladson anatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba. Misozi inabwera, koma inali yotentha, ya mkwiyo. Kumanda anthu ankakumbutsana za chitedze ndi za zitini, akuseka chapansipansi monga zimakhalira pamaliro a munthu wokondedwa. Iye sanaseke. Chimene chinkamuwawa sichinali bodza lokha ayi. Munthu amene anadzutsa Area 2 yonse chifukwa Gladson wasowa theka la tsiku, anakonza bwinobwino kuti pa tsiku lake pasapezeke womufunafuna. Ndipo kiyi wotsegulira chitseko kuti atuluke anali dzina la Gladson.

"Anachita manyazi, amuna anga," Eveless ankamuuza. "Ukalamba umachititsa manyazi."

"Manyazi ndi ine? Amene anandiona ndikufunsira mbeta pakalavati?"

Pakhonde la sitolo ija amisiri akadakhalabe, koma aliyense amanyamuka payekha. Ena amakwera kabaza, ena amangolowa m'tchire foni ili kukhutu. Palibe wokalipira mnzake, palibe woyang'ana kumapazi kwa wina, ndipo m'mawa umatalika modabwitsa. Clifton, amene ankati zonsezi ndi zachimidzi, ndiye amakhala duu kuposa onse. Nthawi zina galimoto imaima, galasi n'kutsika, munthu n'kufunsa za madala a mipope aja. Amisiri amayang'anana, aliyense kudikira kuti mnzake ndiye anene.

Tsiku lina ntchito itasowa, Gladson anakhala pabenchi la mayi Triza mpaka masana, osagula kanthu. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Akhululukire, mwanawe. Anapita basi."

Gladson anapukusa mutu.

"Chikwama chija n'cholemera, mayi. Ndinachinyamula ine pochokera nacho kupolisi, phewa mpaka kuwawa. Akanangoti, Gladson, nyamula. Basi. Ndikanakana ine?"

Mayi Triza anatenga ndasi limodzi lotentha, kulikulunga m'pepala, n'kumuikira m'manja. Gladson analigwira mpaka linazizira.