Mano Oyera ndi Nzimbe ya Apongozi

Inu, tamverani, chimene Mulungu anachisiya chachikasu musamachivute. Ine Dingani wa ku Kabwata ndinayesa, ndipo mpaka lero ndikaona nzimbe mtima umandigunda.

Ndinkafuna kukwatira Pearl, mtsikana wa ku Chelstone, ndipo Loweruka linali tsiku lokaonekera kwa makolo ake. Vuto linali mano. Tiyi ndi fodya zinali zitawasandutsa ngati chimanga chowotcha. Mnzanga Kapembwa anandibweretsera makala ndi mandimu kuchokera kumsika wa Soweto.

"Suka chabe na ivi, boi, yazayela monga mbale," anatero.

Ndinatsuka sabata yonse mpaka nkhama zinatupa, mano osasintha. Lachisanu ndinagonja, ulendo kwa dokotala wa mano ku Woodlands. Mayiyo anayamba wandikalipira kuti makala ndi mandimu zimapala mano, kenaka anandipaka mankhwala n'kuwalitsira kanyali kabuluu m'kamwa. Nditadziona pagalasi ndinatsala pang'ono kudzipatsa moni.

"Ba Dingani, mano yazankala yonyelenyesa masiku yangapo," anandichenjeza. "Vozizila osamwa, volimba osaluma."

Ndinavomera mano onse ali panja.

Titafika pageti ku Chelstone, amalume anga a Meshack anandigwira phewa.

"Iwe, mkamwini saseka pamaso pa apongozi. Maso pansi, tseka pakamwa."

Ndiye taonani, mano ovutikira chonchija, ndakhala pakampando nditawabisa ngati katundu wakuba. Posakhalitsa Pearl anagwada ndi kapu ya munkoyo wochokera mufiriji. Chakumwa cha kwa apongozi sakana. Nditangopsontha, ululu unakwera mpaka mu ubongo, milomo inadzikoka yokha, mano onse mbee!

Amayi ake a Pearl anawayang'anitsitsa, kenaka anatembenukira kwa amalume.

"Ba Meshack, aya mano ni yoikilila. Mwatibweletsela mdala. Mwana wanga sazakwatiliwa na muntu ogoneka mano mu kapu."

Ndinachita mantha enieni, chifukwa Pearl ndinkamukonda, ndipo misozi inali italengeza kale m'maso mwake. Amalume analumbira kuti manowo ndinabadwa nawo, zimenenso zinali bodza, koma mayiwo anatuma Pearl kukathyola nzimbe kuseri kwa nyumba.

"Ngati ni yake, asende."

Ndinakumbukira dokotala, ndinayang'ana Pearl, ndinaluma. Abale, ndinaona azigogo anga onse amene anatisiya kalekale. Ndinasenda, ndinatafuna, misozi ili chuchuchu, koma palibe dzino linagwa.

Ukwati unachitika, ndipo mano anabwerera pang'onopang'ono kumtundu wawo wakale. Chimene sichinabwerere ndi mbiri. Apongozi anauza abale onse mpaka ku Katete kuti mkamwini wawo amakonda nzimbe mpaka kulira. Akamwini ena akafika ku Chelstone amawaphera nkhuku. Ine ndimapeza mtolo wa nzimbe ukundidikira pakhonde, ndipo amayi amakoka mpando n'kukhala pomwepo kuti aone mmene ndikusangalalira.