Kusankhira Apongozi Galimoto

Lolemba

Apongozi andiitana m'mamawa, nkhungu isanachoke. Andipatsa mpando wotsamira uja. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pachikamwini pano, mpando umenewu sindinaukhalepo.

Nkhani ndi iyi. A Nyoni, bambo a mkazi wanga, atopa ndi malole ahayala. Chaka chatha kachewere wawo anawolera kumunda akudikira dalaivala amene anakhala "ali m'njira" masiku anayi. Tsopano agulitsa ng'ombe ziwiri, aphatikiza ndi za kachewere woyamba, akufuna pikapu yawoyawo. Amva za ziwiri: yoyera ku Boma, yabuluu ku Manjawira. Loweruka lino pofika masana matumba makumi awiri akhale atatsikira kumsewu wa tala. Wogula akuchokera ku Blantyre, ndipo akuti sadikira munthu.

"Akamwini, inu munagwirako ntchito ya zamagalimoto. Mutisankhire. Imene munene, ndiyo tigule."

Ine: "Zikomo, wawa." Pakamwa pangapa!

Alamu anga a Lazaro ali ndi laisensi, koma bambo awo sawakhulupirira chigwetsereni njinga yamoto mumtsinje. Ndiye udindo wagwera ine.

Choona chake ndilembe muno, poti kope silinena. Ndinali kondakitala. Miyezi inayi, minibasi ya pakati pa Ntcheu ndi Balaka. Pofunsira ukwati ndinangoti "zamagalimoto", ankhoswe n'kukometsera, nkhani n'kukula yokha. Pachiwongolero ndinagwirapo kamodzi, kuliza hutala.

Zoti ndikachite mawa:
- matayala: kuwamenya ndi phazi, monga amachitira anthu
- injini: kuiyang'ana nthawi yaitali, kugwedeza mutu
- utsi
- bulubuku, kaya amaonamo chiyani
- osalankhula zambiri!

Lachiwiri

Ku Boma, ine ndi apongozi.

Yoyera ija ndi yokongola, tisanamizane. Mipando yosang'ambika, wailesi ikuimba, magalasi ukadina akutsika okha. Apongozi akuisisita pamsana ngati mmene amasisitira ng'ombe zawo zija. Wogulitsa ndi a Dikisoni, suti yabwino, nsapato zosongoka. Mtengo wake ukumeza ng'ombe zonse ziwiri ndi kachewere yemwe, osatsala ndi ya mafuta.

"Akamwini, tsegulani tione injini."

Ndalowa. Ndakoka kanthu kena pansi pa chiwongolero. Kwatseguka kachitseko kothirira mafuta, kumbuyo. Ndati ine ndimayambira kumeneko. Ndapita, ndanunkhiza. Ndabwerera, ndakoka china: mpando wagwa chagada, ine nawo. A Dikisoni atsegula okha boneti, akumwetulira.

Injini yotsukidwa, yonyezimira. Ndayang'ana. Ndagwedeza mutu. Ndati, "Mmm." Tayala ndalimenyadi, chala chachikulu chikuwawabe mpaka pano.

Choopsa chabwera apongozi atapatuka kukapereka moni kwa mnzawo. A Dikisoni asendera pafupi, anong'ona kukhutu kwanga: "Balaka! Balaka! Mmodzi yekha!"

Ndi Diki! Diki wa minibasi yofiira, amene tinkalandana naye akatundu a anthu padepoti. Wanenepa, ndi chifukwa chake sindinamuzindikire.

"Osadandaula, bwana makaniko," akutero. "Inu munene zabwino za galimoto yanga, ine ndinena zabwino za inu."

Pobwerera apongozi akufunsa kuti ndaiona bwanji. Ndati galimoto safulumira nayo, tikaone inayo kaye. Ati, "Mwaona? Munthu wodziwa ndi ameneyu."

Lachitatu

Manjawira. Kutentha! Ife akumtunda tabwera ndi majekete.

Mwini wa yabuluu ndi mayi Nachisale, amasiye, ali ndi chigayo. Galimoto inali ya malemu amuna awo. Sanadikire kuti tifunse, ayamba okha kuwerenga zilema:
- chitseko chakumanzere chimatseguka chakunja kokha, poyenda amamanga ndi chingwe
- wailesi inafa malemu ali moyo
- matayala awiri akumbuyo afuna kusintha mvula isanabwere
- mpando ukubaya, amaikapo chitenje chopinda
- utoto, mukuona nokha

"Koma chiigulireni sinandigonekepo panjira," akutero. "Ndikugulitsa chifukwa mawondo akukana."

Apotokola kiyi kamodzi, yalira. Ayendetsa okha, mayi aakulu, duku kumutu, matumba a chimanga khumi ndi awiri kumbuyo, ife tapanikizana kutsogolo. Pachitunda chakumsika yakwera osatsokomola. Ine ndikumvetsera ngati ndikudziwa chomvera. Koma ngakhale kondakitala amadziwa kulira kwa galimoto imene ikafika. Iyi ikafika.

Mtengo ndi wotsika. Patsala ya matayala, patsala ya feteleza.

Apongozi nkhope yagwa. Pokwera minibasi angoti, "Ikuoneka ngati yochokera kumaliro ake omwe."

Madzulo amake Tadala, mkazi wanga, abwera ndi uthenga wochokera kwa amayi awo, poti ine ndi apongozi aakazi sitiyankhulana maso ndi maso: "Muwauze akamwini, ndamva za chingwe. Ine kutchalitchi sinditsikira pawindo."

Akamwini amva.

Lachinayi

Ndanama kuti ndikukagula mankhwala opopera. Ndapita ku Boma ndekha, kuseri kwa msika, kwa makaniko wina wachikulire amene magalimoto a m'boma muno amawadziwa ngati ana ake. Ndimafuna ndimutenge akaione yoyera mwakabisira. Sanadzuke n'komwe pansi pa lole imene amakonza.

"Yoyera ya Diki? Yalowa pano katatu."

Ndakhala patayala, iye akuwerenga zilema:
- inagubuduzikapo, chitsulo chapansi n'chowotcherera
- pachitunda injini imatentha, madzi imamwa ngati ng'ombe
- oilo anathira wokhuthala kuti utsi usaoneke

"Pamsewu wa tala, yopanda katundu, ikufikitsani. Muikweze phiri ndi kachewere, mukabwera wapansi."

Nanga yabuluu ya ku Manjawira? "Ya malemu achigayo aja? Imeneyo idzatiika m'manda tonse, iyo ikuyendabe."

Ndiye lero, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, ndikudziwadi kanthu ka zamagalimoto. Bola ndikanapanda kudziwa!

Ndikanena yoyera: ng'ombe ziwiri za apongozi zapita m'madzi, mlandu wanga.
Ndikanena yabuluu: Diki atsegula pakamwa.

Foni yalira ndili pakabaza. Uthenga wa mawu awiri: "Balaka! Balaka!"

Nzeru yabwera: ndiwauze apongozi ndekha lero, zonse, Diki asanafike. Ndapita kunyumba kwawo katatu. Koyamba ndabwerera pakhola. Kachiwiri ndafika, ndaodira, atuluka, ndabwereka nkhwangwa. Nkhwangwa ndili nayo yanga! Kachitatu ndapeza akucheza ndi a Gwaza, oyandikana nawo munda, amene amapikisana nawo pa chilichonse kuyambira kachewere mpaka kuimba kutchalitchi. Apongozi akundiloza: "Ife sitigula mwachimbulimbuli, tili ndi katswiri pakhomo." Akuwafotokozera za galimoto zonse ziwiri, mitengo yomwe. A Gwaza akungomvetsera.

Amake Tadala akuyang'ana nkhwangwa ija, akuyang'ana ine.

Mawa Diki akubweretsa yoyera kumudzi kuno kuti anthu aione.

Lachisanu

Ndilembe zonse mmene zachitikira.

Yoyera yafika cha m'ma teni, yopanda katundu, hutala kuyambira kumlatho. Mudzi wonse wasonkhana. Apongozi aakazi alowa kutsogolo, akhala, akutsitsa galasi ndi kukweza, kutsitsa ndi kukweza.

Apongozi aamuna akweza dzanja, anthu chete. "Akamwini, nenani."

Diki akundiyang'ana, akusewera ndi makiyi.

Ndaganiza za ng'ombe zija. Ina ndinkaidyetsa ndine ili kathole. Ndamva pakamwa panga pakunena: "Yabuluu, wawa." Ndanena za chitsulo chowotcherera, za madzi, za oilo. Mawu akutuluka aang'ono ngati a mwana.

Galasi la apongozi aakazi laima pakati.

Diki sanakwiye. Waseka, wanditambasulira makiyi. "Bwana makaniko, poti mwaiona zonsezo, tangoisunthani ifike pamthunzi apo."

Mamita khumi. Ndalandira makiyi. Ndaima. Ndawabweza.

Basi, wayamba. Wakolowekera dzanja pachitseko, thupi lonse panja, akumenya denga: "Balaka! Balaka! Sunthani amayi, anayi anayi pampando!" Akuti makaniko wanu ndi ameneyu, kondakitala wa miyezi inayi, anachotsedwa chifukwa choiwala mbuzi ya munthu padepoti. Za mbuzizo n'zoona, koma panalibe chifukwa chozinenera. Anthu agwa nazo kuseka. A Lazaro mpaka kukhala pansi.

Apongozi sakuseka. "Akamwini, n'zoona?"

"N'zoona, wawa. Koma za galimotoyi nazonso n'zoona."

Chachiwiricho sanachimve. Atembenuka, alowa m'nyumba ndi Diki. Pofika masana yoyera ndi yawo, makiyi ali ndi a Lazaro.

Ndakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka dzuwa kupendeka. Amake Tadala andipeza komweko. Ndayamba kupepesa, andidula: "Ine ndinakuonani koyamba mukulendewera pachitseko cha minibasi, ndikuchokera kuchipatala ndi azakhali. Mumayesa ndinakwatiwa ndi makaniko? Chikundipweteka n'chakuti dzulo munakabwereka nkhwangwa m'malo molankhula."



Loweruka

Kupakira kuyambira mbandakucha. Matumba khumi ulendo woyamba. Palibe akundilankhula, koma thumba lolemera akundisiyira ine. Ana a mudzi uno aphunzira nyimbo yatsopano, ndikadutsa akuti "mmodzi yekha!"

Tanyamuka. A Lazaro pachiwongolero, apongozi pambali, ine pamwamba pa kachewere. Kutsetsereka, bwinobwino. Wailesi ikuimba. Ndikupemphera kuti makaniko uja akhale wabodza. Ndithu, ndikupemphera kuti ndikhale wolakwa!

Tawoloka mlatho, tayamba chitunda chachikulu. Pakatikati fungo ngati la mphika wopserera. Kenako nthunzi, phwaa, kutsogolo konse osaoneka. Yazima. Yayamba kubwerera chambuyo, kumlatho! A Lazaro akukuwa kuti mabuleki alimba. Ndadumpha, ndagwa, ndanyamula mwala sindikudziwa ndi mphamvu zochokera kuti, ndaponya kuseri kwa tayala. Yalumpha. Ndaponya wachiwiri. Yaima, tayala limodzi lili m'mphepete mwa ngalande.

Apongozi atsika. Chipewa chili m'manja.

Tathira madzi a mumtsinje zigubu zitatu, akungotulukira pansi. Wogula waimba kawiri. Foni ya Diki: yozimitsa.

Cha m'ma leveni kulira kwa galimoto kumunsi. Ndakuzindikira ndisanaione. Yabuluu! Chingwe pachitseko, kachewere mpaka pamwamba, kutsogolo a Gwaza ndi mwana wawo wamkulu akuyendetsa. Anapita ku Manjawira dzulo, ife tikuonerera sewero la Diki. Yatidutsa pang'onopang'ono, osatsokomola. A Gwaza akweza chipewa.

Abwerako, ndisawanamizire. Atinyamulira matumba khumi aja, pahayala. Apongozi akwera pamwamba pa katundu, poti kutsogolo mulibe malo. Tapeza wogula walizitsa kale injini. Watenga khumiwo. Khumi otsala kumunda akuti tidye tokha.

Yoyera yabwerera kumudzi madzulo, ikukokedwa ndi ng'ombe zobwereka. Tsiku lonse apongozi andilankhula mawu atatu: "Akamwini, gwirani uko."

Lamulungu

Msana, mawondo, chigongono. Kutchalitchi tapita wapansi tonse, apongozi aakazi patsogolo, osacheuka. A Gwaza afika pa yabuluu, atsikira mbali ya dalaivala, aimba mokweza kuposa masiku onse.

Yoyera ili pabwalo. Apongozi aakazi aitsukitsa m'mawa, akuti ngakhale isayende isaoneke yauve. Ikuwala kuposa tsiku lija ku Boma.

Masana abusa adutsa kudzaona odwala. Aima. Aizungulira kawiri. Akuti mpingo wakhala ukusonkha kuti apeze galimoto yoyendera kumipingo yakumapiri, ndipo yotere ndiyo amailota. Kodi a Nyoni sangaganize zoigulitsa?

Apongozi aamuna ayang'ana galimoto, ayang'ana abusa, ayang'ana kumwamba. Kenako: "Abusa, ine zimenezi sindizidziwa. Mukambe ndi akamwini."

Abusa akuti abwera mawa eyiti koloko, ndi akuluampingo awiri.

Atachoka, ndawayang'ana apongozi kuti mwina andiuza choti ndikanene. Angoti, "Kukuzizira lero," n'kulowa m'nyumba.

Kumunda wakuphiri kwatsala matumba khumi ofuna munthu wowasankhula asanawole. Ndi ulendo wa maola awiri, ndipo foni sigwira kumeneko. Ndawauza amake Tadala andiphikire mbatata ya kamba, ndinyamuka tambala woyamba. Akuti mbatata aphika, koma abusa akafunsa njira ya kumundako, iwo sanama.