Ndinapeza Maliro Anga Ali Mkati

Nkhani iyi akazi anga amaikamba paliponse, mpaka mu kombi, minibasi za kuno. Bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndi anga omwe.

Inali nthawi ija m'mashopu a mu Harare munali mashelefu okhaokha. Fakitale yathu ku Southerton itatseka, ndinayamba kugulitsa tomato pa msika wa Mbare Musika. Koma tisanamizane, chimene chinkatisunga pakhomo si tomato ayi. Anali mlongo wanga Esnart wa ku Joni, amene mwezi ndi mwezi ankatitumizira mpunga, mafuta ndi sopo pa basi. Ndi iyeyo anandikakamiza kutsegula imelo.

Ndiye ine ndi imelo yangayo, mumsewu mwathu ndinali bwana. Mpaka ndinkalangiza anthu kuti azisamala ndi akuba a pa intaneti. Ine amene, katswiri.

Tsiku lina ku intaneti kafe ndinapeza kalata: "Okondedwa a Phiri, m'bale wathu." Eti bungwe la akumudzi likulemba mayina a ana a ku Malawi ovutika mu Zimbabwe kuti liwapatse ufa. Lembani dzina, mudzi, mfumu, boma, dzina la mayi, ndi pasiwedi ya imelo yanu kuti titsimikize.

Mukudziwa ife obadwira pa famu. Ku Malawi sitinapondeko, koma munthu angotifunsa mudzi ndi mfumu, mtima umasungunuka. Ndinalemba zonse mmene malemu bambo ankatiphunzitsira. Pasiwedi ndinailemba kawiri, kuopa kuti abale anga angavutike kuwerenga.

"Ufa wake wofuna pasiwedi ndi wotani?" anafunsa akazi anga nditawauza.

"Mayi, za makompyuta asiyireni eni ake."

Lachiwiri ndinakwera lole kukapikula tomato ku Mutoko. Dizilo anatithera komweko, tinakhala masiku anayi. Foni inazima tsiku loyamba lomwe.

Abale anga a ufa aja sanachite ulesi. Analowa mu imelo, anawerenga kalata yanga yonena zoti ndikupita ku Mutoko, n'kulembera Esnart: achimwene anu a Phiri, mwana wa mayi uje, a mudzi wakuti, mfumu yakuti, atisiya pa ngozi ya lole, tumizani msanga ya bokosi ndi ya ku mochare. Akanakayika bwanji, poti ngakhale mfumu anatchula yolondola? Anatumiza, kenako n'kuimbira akazi anga akulira.

Loweruka masana ndikutulukira pakhomo, kreti ya tomato paphewa. Pageti kansalu kofiira. Masofa anga ali panja. M'nyumba amayi akuimba za maliro.

Pageti panakhala bambo wina wosamudziwa, mbale m'manja.

"Pepani bambo, watisiya ndani?"

"Akuti Phiri, uja wa tomato."

Ndinafunsanso, "Munkamudziwa?"

"Ayi, ine ndangotsata kabichi. Koma akuti anali wodzimva kwambiri."

Nditangoponda pakhonde, mayi wina anakuwa m'Chishona, "Maiwe, chipoko!" kutanthauza mzukwa. Nyimbo inaduka pakati. Amayi a kumpingo, ena oyendera ndodo, anadumpha mpanda wa aneba ngati atsikana. Akazi anga okha ndi amene sanathawe. Anandigwira mkono, kunditsina, n'kulira kwenikweni. Pamenepo ndinamva chisoni, sindinama.

Kenako m'chipinda munatuluka Esnart, maso ali psuu. Masiku awiri pa basi, tsiku lathunthu pamzere ku boda, kudzaika mchimwene wake m'manda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapatapata.

"Dzina la mfumu analidziwa bwanji?"

Ndinafotokoza za ufa, mawu ali pansipansi.

"Ndi pasiwedi yomwe munawapatsa?"

"Kawiri," anandiyankhira akazi anga, akupukuta misozi.

Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Koma ine maso anali pa chikwama chake, ndipo chinkaoneka chopepuka.

"Achemwali, nanga kampunga ka mwezi uno?"

Anavala nsapato modekha, n'kunyamula chikwama chija.

"Achimwene, ine bokosi ndagula kale. Kwa ine munapita. Akufa sadya mpunga."

Wokufunsa mudzi ndi mfumu mpatse moni, koma akafika pa pasiwedi dziwa kuti akukuyeza bokosi.