Mkamwini ndi Gogodela ya Apongozi

Mwambi uwu chiyambi chake n'chotere, ndipo mukhale pansi, musamangonyanyuka ngati mwakhalira linthumbu. Inu mumangoutchula pakamwa, osadziwa kuti pali munthu anasiya mano kumunda kuti mwambiwo ukhalepo.

Kumapiri uko kunali mkamwini wina dzina lake Lemisoni. Anakwatira Nankhoma, mwana wa a Kachingwe, nkhalamba yodziwa kusaka. Lemisoniyu anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo chibwerere pakamwa pake sipanazizire. Ukamupatsa moni, yankho linali Joni. Akuti ankaphulitsa miyala. Amene anali naye kumeneko amati ankangokankha ngolo, koma zimenezo tizisiye.

Chaka chimenecho anyani anavuta. Munda umene Lemisoni anapatsidwa unali m'tsinde mwa phiri, ndipo chimanga chitangoyamba kukhwima anyani anayamba kukolola dzuwa likuswa mtengo. Akawathamangitsa kumtunda, atulukira kumunsi. Akaponya mwala, chinyani chachikulu chaimvi kumsana chinkangokhala pachulu n'kumadzikanda m'khwapa.

Amalume a Nankhoma anabwera nanena mosapsatira. "Ife mkamwini wosadyetsa mwana wathu sitisunga. Munda uwu ukatha ndi anyani, mupinde mphasa yanu muzipita kwanu."

Kuchokera tsiku limenelo Lemisoni sanakhazikikenso. Akhala pa mpando, wadzuka. Apita kumunda, wabwera. Mutu wake wonse unali pa chinthu chimodzi: mfuti ya apongozi ake, gogodela yakalekale yothira onga kukamwa, imene inkapachikidwa pa mtanda m'nyumba.

Tsono mverani apa, pakuti nkhani yagona pamenepa. A Kachingwe anali ndi kachitidwe kawo. Akathira onga ndi zipolopolo mu mfuti koma osaombera, ankamata kukamwa kwa mfutiyo ndi mbulu wa phula la njuchi. Phula likakhalapo, ndiye kuti mfuti ili ndi mimba kale, usawonjezere kanthu. Mlenje aliyense wa m'mudzimo ankadziwa zimenezi. Kufunsa kokha kukanakwana.

M'mawa wina a Kachingwe anapita ku maliro kutsidya kwa mtsinje. Asanazimiririke n'komwe, Lemisoni anali atatsitsa kale mfuti, pamodzi ndi nsupa ziwiri za onga ndi kanyanga ka gwape koyezera.

"Abambo, mwatenga chiyani?" anatero Nankhoma, musi uli m'manja. "Dikirani eni ake abwere mawa muwafunse."

"Mawa? Anyani akuuza kuti lero ali pa tchuthi?"

"Ndiye pitani kwa a Chimkwita apo, nawonso amasaka. Sipatali."

"Ine ndikafunse Chimkwita? Munthu sanakwerepo ndi sitima yomwe? Nankhoma, ine ndinkagwetsa phiri lathunthu ndi chala chimodzi. Aka n'kachitsulo chabe."

"Nanga phula lili kukamwa kwakelo n'lachiyani?"

"N'lotsekera mavu kuti asamangemo nyumba. Ngakhale mwana akudziwa."

Anazula phula lija. Dzanja limodzi linali ndi mfuti, lina nsupa, ndipo poopa kuti chinthu cha apongozi chingagwere m'fumbi n'kusowa, analiponya m'kamwa n'kulisunga kutsaya ngati fodya.

Anatsegula nsupa yoyamba: onga wosalala ngati ufa woyera. Anatsegula yachiwiri: wamiyalamiyala ngati mchewere. Anayang'ana uku, nayang'ana uko.

"Woyenera ndi uti?" anafunsa mkazi uja.

"Onse," anayankha tsaya lili tutumu. "Wina ndi wa mawu, wina ndi wa mphamvu. Mfuti ya bambo ako imangotsokomola chifukwa amaimana chakudya. Taona kanyanga aka! Apa angayezere onga wophera nyani? Aka n'koyezera fodya wa agogo."

Kanyanga kaja anakaponya uko. Anathira wosalala dzanja lodzaza. Anathira wamiyala dzanja lodzaza. Anaganiza za chinyani chaimvi chija ndi kudzikanda kwake, nawonjezeranso. Kenaka anaponyamo zidutswa za mwendo wa mphika wachitsulo, natsekera ndi sanza, nayamba kutsindira ndi chitsulo chachitali chotsindirira onga. Gogo! Gogo! Gogo!

Nankhoma anasiya kusinja. "Abambo anga akamatsindira, chitsulocho chimalowa pafupifupi chonse. Inu chatsala kunja chotalika ngati mkono wanga. Simukuona kuti muli kale kanthu?"

"Yakhuta. Lero ndi tsiku loyamba kudya bwino chibadwire."

Nthawi yomweyo kuphiri kunamveka "Bohu! Bohu!" Lemisoni anadumpha ngati wapondera moto. Anathamangira kumunda mfuti ili paphewa, mkazi wake akumutsata pambuyo akukuwa kuti adikire. Phula lija anaiwala kuti lili m'kamwa.

Anapeza anyani ali pa ntchito, wina chimanga m'khwapa, wina kukamwa. Chinyani chaimvi chinali pachulu pake pomwe paja. Lemisoni anagwada, nakanikiza tsaya pa thako la mfuti, natsinzina diso limodzi.

"Lero udziwa kuti ku Joni kunapita amuna!"

Phuuu!

Ana inu, mawu amenewo anamveka mpaka ku maliro kutsidya, anthu n'kusiya nyimbo pakati. Utsi unaphimba munda. Mfuti inang'ambika ngati nzimbe yotafunidwa, ndipo thako lake linamenya chibwano cha Lemisoni kuposa mmene bulu amaponyera mwendo. Munthu anauluka chagada n'kukagwera m'chitedze. Mano awiri akutsogolo anatsala pa mzere. Phula lija linatsetsereka kukhosi, gwi, mpaka m'mimba.

Utsi utatha, chinyani chija chinali chikhalire pachulu, chosakhudzidwa ndi pang'ono pomwe. Chinayang'ana munthu ali gone, chinatsika mwaulemu, chinathyola chimanga china n'kumapita. Sanza zija zinagwera pa mapesi ouma zikuyaka, ndipo chimene anyani anasiya, moto unamaliza.

A Kachingwe anafika thukuta lili kamukamu, amalume aja ali pambuyo. Nkhalamba inatola zidutswa za mfuti yake, n'kuzitembenuza, osakweza mawu.

"Mfutiyi ndinaisiya ili ndi onga kale. Ndinamata phula. Mkamwini, simunalione?"

Lemisoni anayesa kuyankha, koma pakamwa panangotuluka mphepo ndi magazi, uku akudzikanda chitedze thupi lonse kuposa nyani uja.

"Analiona," anatero Nankhoma. "Ndinati afunse, akuti ku Joni safunsa."

"Chabwino. Mfuti yapita, munda wapita. Ndipatseni phula langa, ndinalifula movutika kumapanga."

Nankhoma analoza pamimba pa mwamuna wake. "Adya."

Amalume anaseka mpaka kukhala pansi pa mzere. Atatha kuseka anapukuta misozi nati, "Nankhoma, kawapindire mphasa yawo. Kudya adya kale, sakafuna kamba wa panjira."

Lemisoni anachoka tsiku lomwelo, mphasa kumutu, dzanja pakamwa. Dzina lake lenileni linathera pomwepo. Mudzi uliwonse umene ankadutsa, amayi pa mtondo ankangolozerana kuti si uyo Safunsa uja.

Ndiye inu mukamandiyankha kuti "tikudziwa kale" ndisanamalize n'kulankhula komwe, ine sindilimbana nanu. Pakamwa ndi panu, mano ndi anu. Koma akulu anaona ndi maso awo asananene kuti: Safunsa anadya phula.